Mmene Mungadandaulire Wailesi ya Kanema Ikalephera Kuonetsa Bwino Mwambo wa Mabwato

Malume anga, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia asanabwerere kumudzi kuno ku Ntcheu, adaona mwambo wa Kuomboka, ulendo wa pabwato wa mfumu ya Alozi, ndi maso awo kamodzi kokha, koma mpaka lero amausimba ngati adauona dzulo. Chaka china titamva kuti wailesi ina ya kanema iulutsa mwambowu pompopompo, tidakawatenga kunyumba kwawo m'mamawa, tidawakhazika pampando wabwino kutsogolo kwa kanema, ndipo ana tidawauza kuti tsiku limenelo pasapezeke wokhudza rimoti. Adadikira maola ambiri osatopa. Bwato la mfumu litayamba kuonekera patali likuyandikira doko, iwo adavula chipewa nachiika pabondo, nasendera kutsogolo kwa mpando. Nthawi yomweyo chithunzi chidasintha, ndipo tidayamba kuona anthu awiri atakhala m'situdiyo akukambirana za mahotela ndi za ndalama zimene alendo amabweretsa, kenaka padabwera zotsatsa malonda. Pamene kamera idabwerera kumadzi, bwato linali litakocheza kale ndipo opalasa anali akutsika. Malume sadakalipe. Adangonditembenukira nati, "Kodi mphwanga, anthu amenewa akudziwa chimene tadikirira tsiku lonseli?"

Funso limenelo liyenera kukafika kwa amene adali ndi mphamvu yosankha chithunzi, ndipo silingafike ngati tingolikambirana pakhonde mpaka mdima kenaka n'kuiwala. Ambirife timakwiya, ena amalemba mawu awiri atatu aukali pa Facebook, koma sitidziwa kusandutsa mkwiyo kukhala dandaulo limene mkulu wa wailesi angaliwerenge, kulifufuza ndi kuliyankha. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Zimene ndalemba pano ndi njira imene ndikukhulupirira kuti imagwira ntchito, ndipo mutu wake ndi umodzi: dandaulo lamphamvu ndi limene likutchula nthawi, chimene chidaonetsedwa, chimene chidasiyidwa, ndi chifukwa chake chosiyidwacho chinali mtima wa mwambo.

Yambani mwaudziwa mwambowo

Simungatsutse wojambula kuti waphonya chinthu chofunika ngati inu eni simukudziwa zimene zimayenera kuoneka. Choncho ntchito yoyamba ichitike tsiku la mwambo lisanafike, pofunsa akuluakulu amene adaonapo kapena powerenga.

Kuomboka ndi mwambo wa mtundu wa Alozi a m'chigawo cha kumadzulo m'dziko la Zambia, kufupi ndi tauni ya Mongu. Liwulo limatanthauza kutuluka m'madzi. Kumapeto kwa dzinja, kawirikawiri m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, mtsinje wa Zambezi umasefukira n'kumiza chigwa chonse, ndipo mfumu yaikulu ya Alozi, imene amaitchula kuti Litunga, imasamuka kuchoka ku likulu lake la m'chigwa ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga. Tsiku lake silikhala lokhazikika pa kalendala chifukwa limadalira kuchuluka kwa madzi, ndipo zaka zina mvula ikachepa mwambowu suchitika n'komwe. Ulendo usanayambe amaomba ng'oma zikuluzikulu zachifumu zotchedwa maoma, zoitanira opalasa ndi kudziwitsa anthu kuti nthawi yakwana. Mfumu imakwera bwato lalikulu lotchedwa Nalikwanda, lopakidwa mizere yakuda ndi yoyera, ndipo pamwamba pake pamakhala chifanizo cha njovu imene makutu ake amagwedezedwa kuchokera mkati. M'bwatomo amasonkhamo moto, ndipo utsi wake umauza anthu ali patali kuti mfumu ili moyo ndipo ili bwino. Opalasa, amene amakwana zana kapena kupitirira, amavala zikopa za nyama m'chiuno ndi zipewa zofiira kumutu, ndipo amapalasa ataimirira, nkhafi zonse zikulowa m'madzi pamodzi motsatira ng'oma. Kutsogolo kumayenda mabwato ang'onoang'ono oyera oona njira, ndipo mkazi wa mfumu amakhala ndi bwato lake lake lokhala ndi chifanizo cha mbalame pamwamba. Ulendowu umatenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Mfumu imanyamuka itavala zachikhalidwe, koma pofika ku Limulunga imatsika itavala yunifomu ya mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, mwambo umene udayamba ndi Litunga Lewanika, amene adapita ku London m'chaka cha 1902 pa nthawi ya Mfumu Edward VII.

Mukadziwa zimenezi mumadziwiratu nthawi zimene kamera siyenera kuyang'ana kwina: pamene mfumu ikulowa m'bwato, pamene Nalikwanda ikunyamuka, pamene ikuonekera koyamba kwa khamu lodikira, pamene ikukocheza, ndi pamene mfumu ikutuluka itasintha zovala. Zimene malume adavulira chipewa zinali ziwiri zomalizazo, ndipo n'zimene sitidazione.

Vutoli si la maiko athu okha, ndipo nkhani ya ku London ndi yothandiza chifukwa kumeneko oonera adadandaula mwadongosolo mpaka zidamveka. Pa 3 Juni 2012, pokondwerera kuti Mfumukazi Elizabeth II yakwanitsa zaka 60 pampando, padachitika mdipiti wa mabwato pa mtsinje wa Thames. Adakonza zoti pakhale mabwato pafupifupi 1,000, ndipo amene adawerengedwa kuti adamaliza ulendo wonse anali 670, chiwerengero chimene chidalembedwa ngati mdipiti waukulu koposa wa mabwato. Mfumukazi idakwera bwato lotchedwa Spirit of Chartwell, kutsogolo kunali bwato lonyamula mabelu asanu ndi atatu ndiponso bwato lopalasa lotchedwa Gloriana, ndipo panali mabwato onyamula mbendera za maiko a m'bungwe la Commonwealth, limene Malawi ndi membala wake. Panalinso timabwato takale timene m'chaka cha 1940 tidathandiza kupulumutsa asilikali opitirira 300,000 ku Dunkirk pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bwato lililonse linali ndi mbiri yake yoyenera kufotokozedwa. Wailesi ya BBC, imene idaulutsa mwambowu kwa anthu opitirira 10 miliyoni, idalandira madandaulo opitirira 2,000 m'masiku ochepa chabe. Oonera adadandaula kuti kamera inkachoka pamtsinje pafupipafupi kukaonetsa macheza a anthu otchuka ndi tinkhani tina ta kumtunda, monga ta makanda obadwa tsiku limenelo kuchipatala, kuti aulutsi sankadziwa mabwato amene ankadutsa, ndiponso kuti nyimbo zimene zidapekedwa mwapadera kuti ziimbidwe pamadzi sizidamveke mokwanira. Padalinso zolakwika zoonekeratu: muulutsi wina adatchula mfumukazi ndi ulemu wa "Her Royal Highness", umene ndi wa ana ndi abale a mfumu, m'malo mwa "Her Majesty", ndipo sitima yankhondo ya HMS Belfast idanenedwa kuti imalemera matani 91,000 pamene kulemera kwake ndi matani pafupifupi 11,000. Onani kuti zimene zidakumbukika pa madandaulowo ndi zimene zinali ndi dzina, nambala ndi nthawi.

Onerani muli ndi cholembera m'manja

Tsiku la mwambo khalani ndi kope, cholembera ndi wotchi kapena foni yoonetsa nthawi yolondola. Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, dzina la wailesi, dzina la pulogalamu, ndi njira imene mukuonera, kaya ndi pa dishi, pa dekoda ya mlongoti kapena pa intaneti. Kenaka nthawi iliyonse pamene chithunzi chachoka pa mwambo, lembani ola ndi mphindi imene chachoka, chimene chalowa m'malo, ndi mphindi imene chabwerera. Musadalire kukumbukira. Munthu wokwiya amaona ngati wadikira theka la ola pamene zinali mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mukalemba theka la ola m'kalata, a wailesi adzaonanso kanemayo, adzapeza kuti mwakokomeza, ndipo dandaulo lonse lidzataya mphamvu. Mphindi zisanu ndi ziwiri zenizeni, ngati zidagwa pa nthawi imene bwato linkakocheza, n'zokwanira kukhala mlandu.

Ngati muli angapo m'nyumba, gawanani ntchito. Wina azilemba nthawi, wina azimvetsera mawu a aulutsi ndi kulemba zimene anena molakwika, makamaka maina a malo, maudindo a mafumu ndi matanthauzo a zinthu. Munthu wamkulu amene amaudziwa mwambo musamupatse cholembera; msiyeni aonere, ndipo inu muzimufunsa mwaulemu pamene waoneka kuti wakhumudwa kuti, "Malume, pamenepa chalakwika n'chiyani?" Yankho lake lilembeni mmene walinenera. Foni ikhoza kuthandizanso pojambula kanthawi kochepa ka zimene zili pa kanema monga umboni wa nthawi, koma kanema ameneyo ndi woti musunge ndi kutumiza pamodzi ndi dandaulo, osati kumwaza paliponse, popeza zithunzizo zili ndi eni ake.

Lembaninso zimene wailesi yachita bwino. Izi si zokometsera chabe ayi. Ngati panali chithunzi chojambulidwa kuchokera mumlengalenga choonetsa chigwa chonse chitamira ndi mzere wa mabwato, kapena ngati panali mphindi zimene aulutsi adakhala chete n'kusiya ng'oma zimveke, kuzitchula kumathandiza mkulu wa mapulogalamu kudziwa chimene mukufuna kuti chichuluke, ndiponso kumasonyeza kuti mudaonera ndi mtima wofuna chilungamo.

Pali chinthu china chofunika kusamala nacho kwathu kuno. Si vuto lililonse limene limachokera ku wailesi. Magetsi akathima ku Ntcheu, mvula yamphamvu ikaphimba dishi ku Dedza chithunzi n'kuyamba kuduka, kapena bandulo ikatha pakati pa mwambo, zimenezo musaziike m'kalata. Ngakhale kudukaduka kochokera ku malo a mwambo kumafunika kukuweruza mofatsa, chifukwa kamera yokhala pabwato imatumiza zithunzi kumtunda popanda nthambo, ndipo mtunda wautali, mitengo kapena mvula zimasokoneza. Tsiku la mdipiti wa ku London kudagwa mvula yambiri moti oimba a kwaya amene anali pabwato lomaliza adaimba atanyowa thupi lonse, ndipo palibe wanzeru amene akadaimba mlandu wailesi chifukwa cha madontho a madzi pa galasi la kamera. Chimene mukufuna inu ndi zolakwika zochokera pa chisankho cha munthu.

Siyanitsani zolakwika, ndipo mvetsani gwero lake

Mukamaliza kuonera, werengani zimene mwalemba ndi kuziika m'magulu. Gulu lolemera kwambiri ndi la zinthu zabodza kapena zolakwika zimene zidanenedwa ngati zoona, monga kusokoneza dzina la doko, kutchula mfumu ndi udindo wosayenera, kapena kupereka tanthauzo lolakwika la utsi, njovu kapena ng'oma. Zimenezi wailesi singazikane, chifukwa kulondola ndi udindo wa muulutsi aliyense, ndipo n'zimene muyenera kuyambira. Lotsatira ndi la nthawi zofunika zimene zidaphonyedwa chifukwa cha macheza kapena malonda. Palinso kulankhula kopanda malire pamwamba pa ng'oma ndi nyimbo, ndi kutsata kwambiri andale ndi alendo olemekezeka ngati kuti mwambo ndi wawo. Zokhudza kukonda kwanu, monga zovala za muulutsi kapena mawu ake kuti sakukusangalatsani, zisiyeni kunja.

Ndikufuna kukhalitsa pang'ono pa nkhani ya kuchoka kwa kamera, chifukwa ndi pamene pagona kusamvana pakati pa oonera ndi aulutsi. Mdipiti wa mabwato umayenda pang'onopang'ono. Kwa maola ambiri palibe chimene chikuoneka kuti chikusintha: madzi, udzu, nkhafi zikukwera ndi kutsika. Woyendetsa pulogalamu, amene wakhala m'chipinda kapena m'galimoto yodzaza ndi makanema ang'onoang'ono n'kumasankha chithunzi choti chipite kwa anthu, adaphunzitsidwa kuti chithunzi chikakhalitsa woonera amatopa n'kusintha tchanelo. Alinso ndi otsatsa malonda amene adalipira kale ndipo akuyembekeza kuti uthenga wawo uoneka pa nthawi imene anthu ambiri akuonera, ndipo nthawi imeneyo, mwatsoka, ndi yomweyo imene bwato likufika. Alinso ndi alendo m'situdiyo amene adawaitana kuti azidzaza mpata ngati chithunzi cha kumadzi chaduka, ndipo poti abwera kale, amaona kuti n'kupanda ulemu kuwasiya osalankhula. Zonsezi n'zifukwa zenizeni, ndipo kalata imene ikusonyeza kuti mukuzidziwa imalemekezedwa kuposa yongonyoza.

Komabe ine ndikuona kuti maganizo amenewa ndi olakwika pa mwambo wotere, ndipo m'kalata yanu muyenera kunena chifukwa chake momveka. Munthu amene wasankha kuonera ulendo wa maola asanu ndi limodzi sadabwere kudzafuna zothamanga. Kuchedwako ndiko mwambowo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Mtakataka amadziwa kuti bwato loonekera patali limayamba ngati kadontho, ndipo chisangalalo chimakhala pa kuliona likukula mpaka uyambe kuzindikira anthu ali m'menemo. Ukachotsa kudikirako, kufikako kumakhala kopanda kulemera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woonera amakhala atadekha kale. Amene walephera kudekha ndi wosankha zithunzi. Chimodzimodzinso ng'oma sizili phokoso lakumbuyo loti muulutsi azilankhulirapo, chifukwa ndizo zikulamula nkhafi ndi kulengeza mfumu, ndipo munthu wolankhula pamwamba pake ali ngati wolankhula pamene mfumu ikuyankhula pabwalo.

Kalembedwe ka kalata

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, ikachulukitsa awiri. Lemberani mkulu woona za mapulogalamu kapena ofesi yolandira madandaulo a oonera, osati muulutsi amene mudamuona pa kanema, chifukwa kawirikawiri iye sasankha chithunzi ndipo amangomva malangizo m'khutu. Lembani m'chinenero chimene mungafotokoze nacho bwino. Ngati wailesiyo ili kunja kwa Malawi, pezani wina akuthandizeni kuika m'Chingerezi, ngakhale kuti ku Zambia Chinyanja chimamveka kwa ambiri. Tumizani msanga, pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa mawailesi ndi mabungwe owayang'anira amaika malire a nthawi yolandirira madandaulo, ndiponso chifukwa nkhaniyo imakhala idakali yaiwisi m'mitu ya amene adagwira ntchitoyo.

Ndime yoyamba inene kuti ndinu yani, mukulemba kuchokera kuti, ndipo mudaonera pulogalamu iti, tsiku liti. Yachiwiri ifotokoze zimene zidachitika motsatira nthawi. Yachitatu inene chifukwa chake zinali zofunika, ndipo yomaliza ipemphe zinthu zodziwika. Mtima wa kalata yathu unali wotere, ngakhale kuti nthawi zake mudzaika zanu:

"Bwana, kuyambira 4:12 mpaka 4:21 madzulo, pamene bwato la mfumu linkalowa padoko, wailesi yanu idaonetsa zokambirana za m'situdiyo ndi zotsatsa malonda. Pamene chithunzi chidabwerera, bwato linali litakocheza kale. M'nyumba mwathu munali munthu wachikulire amene adadikira kuyambira m'mawa kuti aone mphindi zimenezo, ndipo ndizo chimake cha mwambo wonse. Tikupempha kuti mutiuze chimene chidachititsa, kuti muonetsenso gawo limenelo lathunthu pa nthawi imene mudzalengeze, ndiponso kuti chaka chamawa malonda adzaikidwe pakati pa ulendo osati pofika."

Onani kuti mulibe mawu achipongwe, mulibe kuopseza, ndipo mulibe kunena za zolinga za munthu. Mukalemba kuti adachita dala pofuna kunyoza chikhalidwe, mwapatsa wowerenga chinthu chosavuta kukana, ndipo adzayankha chimenecho n'kusiya nkhani yeniyeni. Nenani zimene maso anu adaona.

Zopempha zanu zikhale zotheka. Wailesi singasiye kutsatsa malonda kwa maola asanu ndi limodzi, koma ingathe kusankha malo ake, kapena kudutsitsa uthenga wa malonda m'munsi mwa chithunzi mwambo ukuonekabe. Ingathe kugawa chithunzi kuti mlendo wa m'situdiyo azilankhula m'kabokosi kakang'ono pakona bwato likuonekabe, kapena kuti amveke mawu okha. Ingathe kukhazika pambali pa muulutsi munthu wa mtundu wa eni mwambo, wovomerezedwa ndi akuluakulu awo, amene angatchule maina molondola ndi kudziwa nthawi yokhala chete. Ingathe kulemba pa chithunzi dzina la bwato kapena la malo, ndi kukonzeratu ndandanda ya nthawi zosadulidwa mogwirizana ndi okonza mwambo. Ingathenso kuika kanema wathunthu wopanda ndemanga pa YouTube kapena pa tsamba lake kuti ofuna aonere. Sankhani ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, zimene zikuyankha vuto limene mudaona.

Za kusaina anthu ambiri, maganizo anga ndi akuti makalata khumi osiyana, aliyense wolemba m'mawu ake ndi nthawi zimene adaziona, amalemera kuposa kalata imodzi yokhala ndi maina makumi asanu pansi pake, ndiponso kuposa kalata imodzi yokoperedwa kambirimbiri. Komabe kumudzi kuli anthu ambiri, makamaka achikulire, amene sangalembe okha, ndipo amenewa ndi amene amadziwa bwino mwambo. Alembereni, muwawerengere mokweza, asinthe pamene sizikumveka ngati mawu awo, kenaka asaine kapena adinde chala.

Kotumiza, ndi chochita akapanda kuyankha

Khomo loyamba ndi wailesi yomweyo. Tumizani pa imelo ngati n'kotheka kuti tsiku lotumizira lisungike, kapena kaperekeni pamanja n'kupempha kuti akudindireni pa kope lanu. Ikani nambala ya foni kapena keyala yoti akuyankhireni, ndipo nenani mwaulemu kuti mukuyembekezera yankho lolembedwa. Pakatha milungu itatu kapena inayi kuli zii, lembani kachiwiri mwachidule, mukutchula tsiku la kalata yoyamba.

Ngati wailesiyo ndi ya m'dziko muno ndipo yakana kuyankha, kapena yankho lake silikukhudza zimene mudafunsa, pitani ku MACRA, bungwe limene limapereka ziphaso kwa mawailesi ndi kuwayang'anira pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998 n'kukonzedwanso mu 2016. Pa nkhani zokhudza khalidwe la atolankhani palinso bungwe la Media Council of Malawi. Ku Zambia ntchito yoyang'anira mawailesi ili m'manja mwa Independent Broadcasting Authority, ndipo ku Britain kuli Ofcom, imene kuyambira 2017 imayang'aniranso BBC, ngakhale kuti wodandaula amayenera kuyamba wadutsa ku BBC komweko. Popita ku mabungwe amenewa nyamulani makalata anu onse ndi mayankho ake.

Apa ndiyenera kunena zoona kuti musadzagwe ulesi. Mabungwe oyang'anira amalimba pa nkhani za kunena zabodza, kunyoza anthu, kukondera, ndi kuswa malamulo a chiphaso. Kusankha chithunzi, ngakhale kukhale koipa motani, kawirikawiri amakuona ngati ufulu wa akonzi a wailesi. Choncho ngati dandaulo lanu ndi la kamera imene idayang'ana kwina, musayembekezere chilango. Mphamvu yanu ili kwina: wailesi imafuna oonera, otsatsa malonda safuna kuti dzina lawo likumbukike ngati limene lidaphimba kufika kwa mfumu, ndipo okonza mwambo ndi amene amapereka chilolezo ndi malo oimikapo makamera. Pachifukwa chimenechi tumizani kope la kalata yanu kwa komiti yokonza mwambo. Iwo nthawi zambiri amakhala pabwalo kapena pamadzi tsiku limenelo ndipo sadziwa n'komwe zimene anthu a kunyumba adaona, koma akadziwa, angathe kuika mfundo zanu m'mgwirizano wa chaka chotsatira.

Njira yomweyi igwiritseni ntchito pa miyambo yathu, ngakhale ilibe mabwato. Pa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo kuno ku Ntcheu, pamene Inkosi ya Makhosi Gomani V ikulowa m'bwalo ndipo amuna a zishango ndi nthungo akuponda ngoma, kapena pa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, zovuta zake n'zofanana: kamera kukhalitsa pa mipando ya alendo gule ali pabwalo, muulutsi kulankhula pamwamba pa zithokozo za mfumu, maudindo kusokonezedwa. Pamenepa muli ndi mwayi woposa wa Kuomboka, chifukwa eni mwambo ndi anthu amene mungawafikire kudzera kwa nyakwawa kapena gulupu wanu. Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira, makamaka pa Gule Wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira m'chaka cha 2005: nthawi zina cholakwa cha kamera si kuphonya, koma kuonetsa zimene eni mwambo salola kuti zionekere poyera. Dandaulo lotere musalilembe nokha musanafunse akuluakulu a mwambowo, chifukwa ndi iwo amene angadziwe choyenera kunena ndi choyenera kusiya.

Chotsiriza kuchita ndi kusunga kope lanu lolembamo nthawi pamodzi ndi makalata onse m'envulopu imodzi, ndipo mwambo wotsatira ukalengezedwa, lembaninso mwezi umodzi usanachitike, pamene a wailesi akukonza ndandanda ndi kugulitsa nthawi ya malonda. Kalata imeneyo ikhale yaifupi, ikumbutse za dandaulo la chaka chatha, ndipo itchule nthawi zitatu kapena zinayi zimene mukupempha kuti zisadulidwe. Pamene ndinkawerengera malume kalata yathu yachiwiri, adandiimitsa pa mzere wonena za kufika kwa bwato nati, "Pamenepo uwonjezere kuti akhale chete, mphwanga. Asatiuze kuti bwato lafika, ng'oma zitiuza zokha." Ndidalemba mawuwo mmene adawanenera, iwo adasaina pansi pa dzina langa, ndipo ndidatumiza m'mawa mwake.